Ntchito za m'chipatala musanakhale nasi: ndi iti yothandizadi?

Achinyamata amene Giredi 12 sinawayendere bwino amafunsa funso lomwelomweli, kaya ndi ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere muno mu Lusaka: ndiyambire ntchito iti kuti tsiku lina ndidzavale yoyera? Choyamba dziwani kuti palibe ntchito ngakhale imodzi imene imadula zaka za maphunziro a unamwino. Dipuloma ndi zaka 3, ndipo sukulu yovomerezedwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia (NMCZ) imafuna ma credit 5, kuphatikizapo Chingerezi, Masamu ndi sayansi. Credit imathera pa 6. Ngati pa Masamu munapeza 7 kapena 8, chitseko n'chotseka kufikira mutalembanso GCE, mayeso obwereza a anthu amene sali pasukulu. Ndiye ntchito iliyonse iyesedwe pa zinthu zitatu: ikusiyirani nthawi yowerenga, ikupatsani ndalama yosunga, komanso ikuonetsani wodwala weniweni.

Tiyambe ndi imene yagwetsa ambiri m'mbuna: kosi ya miyezi 3 kapena 6 ya "nursing assistant", yolengezedwa pa Facebook ndi zithunzi za atsikana ovala yunifomu, stethoscope pakhosi. Ndalama imene amalemba pa chilengezo ndi ya m'kalasi yokha. Mukalowa ndi pamene zina zimatulukira chimodzichimodzi: yolembetsa, yunifomu yogula kwa iwo okha, ID, makina a BP anuanu, ya mayeso. Yopweteka kwambiri ndi ya attachment. Amanena kuti maphunziro a pa wodi ali m'kati mwa kosi, koma nthawi ikakwana amakupatsani kalata kuti mukadzipezere nokha malo, ndipo malowo nawonso amafuna kulipidwa. Wosapeza malo samaliza. Womaliza amauzidwa kuti satifiketi siituluka asanalipire ya graduation.

Pepalalo likafika m'manja, silikusandutsani nasi, ndipo sukulu ya unamwino siikuchotserani ngakhale temu imodzi chifukwa cha ilo. Amayang'ana zotsatira za ECZ, bungwe lolembetsa mayeso a Giredi 12, basi. Makolo ambiri amazindikira izi atalowa kale m'kaloba, akuganiza kuti mwana wayamba unamwino. Musanapereke ngwee, funsani funso limodzi: kodi wophunzira pulogalamu imeneyi amapatsidwa index number, nambala yolembetsera ophunzira unamwino ku NMCZ? Akayamba kuzungulira, kunena kuti "mapepala ali m'njira", nyamukani. Ngati akuti kosiyo ndi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za manja, afunseni satifiketi yolembetsera, ndipo mukumbukire kuti TEVETA si imene imapereka layisensi ya unamwino. Ndalama yomweyo ikanathandiza kulembetsa GCE ndi kulipira tuition ya Masamu ndi Bayoloji.

Kusamalira wodwala pakhomo, monga momwe amalembera anthu ku Kabulonga, Woodlands kapena Ibex Hill, kumaphunzitsa manja kuposa ntchito zina zonse. Mumaphunzira kutembenuza agogo a sitiroko maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda m'chiuno ndi ku zidendene, kuwakhazika tsonga powadyetsa kuti phala lisapite m'mapapo, kusintha nsalu munthu ali pabedi pomwepo, kuyeza BP ndi shuga n'kulemba m'kabuku. Wophunzira unamwino wa chaka choyamba amavutika nazo zimenezi, inu mumadzafika mukuzidziwa. Vuto lake ndi la kugona konko. Mwezi woyamba mumasamalira wodwala yekha, wachiwiri mwayamba kuchapa za banja lonse ndi kuphika nsima ya alendo, buku osaligwiranso. Gwirizanani polemba: maola ake, tsiku lopuma, ndi ntchito zimene si zanu. Ndipo akakupemphani kubaya jakisoni kapena kuika dilipi, kanani. Chikalakwika palibe layisensi yokutetezani.

Umeidi kapena upotala wa pa wodi anthu amaunyoza, koma pa zonsezi ndi umene ine ndingausankhe. Malipiro ndi a mwezi ndi mwezi, moti mutha kulowa chilimba n'kumasunga za fizi. Mumagwira mosinthana, ndipo mukachoka pa naiti mumapeza masiku owerenga. Chachikulu n'chakuti mumaona unamwino wopanda zokometsera: handover ya m'mawa, masanzi pansi, bokosi la masingano lodzadza, achibale akulira m'khonde pomwe sisita akuyenera kupitiriza kugawa mankhwala. Amene wakankha machira ku chipatala chachikulu cha UTH kapena pa chipatala cha Kanyama miyezi 6 amadziwa ngati mtima wake ungathe. Kuipa kwake n'koti malo ndi ochepa, msana umatopa, ndipo simuloledwa kukhudza za mankhwala. Yesetsani kulandira katemera wa hepatitis B musanayambe kugwira zinyalala za pa wodi.

Ukhansala wa HIV ndi kudzipereka pa kiliniki zimanola pakamwa. Mumaphunzira kulankhula ndi munthu wamantha, kusunga chinsinsi, kulemba rejista ndi kulondola amene asiya kubwera kudzatenga ma ARV. Koma kandalama kake kamadalira pulojekiti, ndipo thandizo la ku America litaimitsidwa mu January 2025 ambiri anangouzidwa kuti akhale kunyumba. Odzipereka ambiri amakhala akudikira kuti boma lidzawakumbukira monga mu 2022, pomwe linalemba antchito a zaumoyo opitirira 11,000. Pa malo a manasi anatengedwa okhala ndi mapepala ndi layisensi, osati amene anakhalitsa pa benchi ya kiliniki.

Community Health Assistant, wothandiza za umoyo m'madera, ndi ntchito yeniyeni yokhala ndi maphunziro ake, koma inakonzedwera ma health post, tizipatala ting'onoting'ono ta kumidzi, ndipo amasankha anthu a m'dera lomwelo. Kwa mwana wa m'komboni muno si njira yodalira. Kugulitsa pa kauntala ya pharmacy kumakuloweza mayina a mankhwala, koma kuima kuyambira m'mawa mpaka usiku kumadya nthawi yonse ya GCE.

Ngati ma credit anu anakwana kale, musataye chaka pa chilichonse mwa izi: tumizani fomu ku sukulu za boma monga Lusaka College of Nursing, ndipo gwirani ganyu iliyonse podikira. Ngati sanakwane, tengani za pa wodi zikapezeka, zikapanda kupezeka samalirani wodwala masana okha n'kumagona kwanu. Kulembetsa GCE kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike, choncho ndalama ya malipiro oyamba ipite kumeneko, ndipo lembani maphunziro okhawo amene anakugwetsani, osati onse.