Ndemanga yanga pa kutumiza ndalama kumudzi kudzera pa positi ofesi

Kwa munthu amene akufuna kutumiza ndalama zochulukirapo kwa kholo lokalamba lomwe lili kumudzi, njira ya pa positi ofesi ndi yodalirika ndipo ndikhoza kuilimbikitsa, koma amene akufuna malo osungira ndalama zake pang'onopang'ono adzaona kuti ntchito yomwe ine ndagwiritsa siifika pamenepo. Ndimagwira ntchito mumzinda wa Blantyre, ndipo amayi anga amakhala kumudzi m'chigawo chapakati, komwe banki yapafupi ili pa boma pamene positi ili pa malo ochitira malonda ofikika pa kabaza.

Kutumiza kwake n'kosavuta. Wotumiza amalemba pa fomu dzina lake, dzina la wolandira monga momwe lilili pa chiphaso cha unzika, ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako amapereka ndalamazo pamodzi ndi ya ntchito pa kauntala. Kalaliki amamupatsa risiti yokhala ndi nambala, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe wolandira amakatchula pa positi ya kwawo ataonetsa chiphaso. Kalembera wa unzika yemwe anachitika m'dziko muno mu 2017 anathandiza kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa anthu ambiri akumudzi amene kale ankadalira kalata ya mfumu kapena chiphaso chovotera tsopano ali ndi khadi lomwe limavomerezeka pa kauntala iliyonse. Chofunika kusamala nacho ndi kalembedwe ka dzina, pakuti chilembo chimodzi chikasiyana ndi cha pa khadi, kalaliki ali ndi chifukwa chomveka chokanira kupereka ndalama.

Wina akhoza kufunsa chifukwa chake ndimavutikira kupita ku positi pamene Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM n'kutsatira mu 2013, ndipo masiku ano ma ejenti ali paliponse. Ndalama zing'onozing'ono za sopo ndi mchere ndimatumizadi pa foni. Vuto limabwera mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yogula feteleza ndi mbewu, pamene ndalama yofunika imakhala yaikulu ndipo aliyense m'mudzi akufuna kutapa pa nthawi imodzi. Ejenti wa pamsika wa kwathu, munthu wokhulupirika ndithu, amangoyankha kuti ndalama zamuthera, ndipo wolandira amayenera kutapa pang'ono lero, zotsala mawa, kapena kuyendera ma ejenti angapo, kwinaku akudulidwa ndalama pa kutapa kulikonse. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba la feteleza unakwera kotero kuti ndalama yomwe kale inali yaikulu tsopano ndi wamba, ndipo kathumba ka ejenti wa kumudzi sikakula pa liwiro lomwelo.

Chinthu chachiwiri, chomwe kwa ine n'chachikulu kuposa choyambacho, chikukhudza amayi anga eni ake. Maso awo saonanso bwino zilembo za pa foni, choncho ndalama ikafika pa foni amayenera kupereka foniyo kwa mdzukulu kapena kwa ejenti ndi kutchula nambala yachinsinsi anthu akumva. Pa positi zimenezi palibe. Amafika ndi chiphaso chawo atachimanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi kapepala ka nambala, kalaliki amawalonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo? Khalani pa benchipo, tikuthandizani," kenako amawawerengera ndalama za ma K5,000 imodziimodzi pamaso pawo, n'kuwadindira risiti. Amayi amasunga marisiti amenewa m'chitini, ndipo ndikapita kumudzi timatha kuona limodzi zomwe zinafika ndi tsiku lake popanda kukayikira wina aliyense wa pabanja. Mtendere umenewu sulembedwa pa mndandanda wa mitengo, koma ndi umene ndimalipirira.

Zofooka zilipo. Positi imatseka madzulo ndipo Lamulungu sitsegula, choncho pa matenda a usiku kapena pa maliro njirayi siingathandize. Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, ntchito imaima ndipo wolandira amadikira kapena kubwerera, zomwe kwa munthu wachikulire amene walipira kabaza popita ndi pobwera si nkhani yaing'ono.

Koma chimene chimandikhumudwitsa kwenikweni n'chakuti ndalama ikafika imayenera kutengedwa yonse. Amayi sangauze kalaliki kuti awapatse ya feteleza yokha, yotsalayo aisunge mpaka nthawi yopalira pamene adzafune kulipira aganyu. Motero ndalama yonse imapita kunyumba, komwe achibale ndi anansi amadziwa kuti yafika, ndipo munthu wachifundo ngati iwo kukana kumawavuta. Akuluakulu amakumbukira kuti kale sizinali chonchi, chifukwa Post Office Savings Bank, yomwe inayamba mu 1911, inkapatsa munthu kabuku komwe kalaliki ankalembamo ndi kudinda ndalama iliyonse yoikidwa kapena yotapidwa, ngakhale itachepa bwanji. Banki imeneyi inasanduka Malawi Savings Bank mu 1994, ndipo mu 2015 boma linaigulitsa kwa FDH. Pakati pa zaka zimenezi, mu 2000, ntchito za positi zinalekanitsidwanso ndi za matelefoni, n'kubadwa Malawi Posts Corporation. Nyumba za positi zinatsala m'madera omwe mabanki sanafikeko, koma kabuku kaja kanachoka pa kauntala, ndipo amayi ambiri akumudzi lero amadalira banki mkhonde, yomwe ndi yothandiza koma ndalama zake sizitapidwa tsiku lililonse lomwe munthu wafuna.

Mayiko ena asonyeza kuti nyumba zimenezi zikhoza kuchita zambiri. Ku India, komwe kuli ma positi ofesi oposa 150,000 ndipo ambiri ali kumidzi, boma linakhazikitsa India Post Payments Bank pa 1 Seputembala 2018, ndipo operekera makalata amayenda ndi foni komanso kachipangizo kowerenga zidindo za zala, kotero kuti munthu wokalamba amatsegula akaunti, kuika ndalama kapena kutapa ali pakhomo pake. Ku Morocco positi inatsegula banki yakeyake, Al Barid Bank, mu 2010, pamene ku Brazil inasankha kugwirizana ndi banki ya Bradesco kuyambira mu 2002 mpaka mu 2011, positi n'kukhala kauntala ya bankiyo m'matauni ang'onoang'ono. Mwa njira zonsezi, ya ku India ndi yomwe ikanawayenera amayi anga, chifukwa chala sichiiwalika ngati nambala yachinsinsi ndipo palibe mdzukulu amene angachibwereke. Sindikunena kuti n'zotsika mtengo kuzikhazikitsa, koma ziphaso zokhala ndi zidindo za zala tili nazo kale, ndipo makalaliki odziwana ndi anthu a m'deralo alipo.

Pakadali pano ndimagawa motere: ya tsiku ndi tsiku ndi ya mwadzidzidzi imapita pa foni, pamene ya feteleza, ya malata ndi ya fizi ya adzukulu imadzera pa positi. Amene akufuna kuyesa njirayi atumize kumayambiriro kwa sabata, auze wolandira kuti apite m'mawa mzere usanatalike, ndipo ngati ndalamayo ndi yaikulu, wolandirayo ayambe wafunsa pa nthambi ya kwawo ngati angathe kuilandira yonse tsiku lomwelo asanalipire kabaza.