Jinja wa mayi a ku Mzimba pa Yeoville Market

Ndimagwira ntchito ya ulonda usiku ku Rosebank, mumzinda wa Johannesburg, ndipo chakudya cha mlonda mukuchidziwa: kota (chibenthu cha buledi choikamo zakudya mkati) wa tchipisi, poloni ndi atcha cha m'ma 11 koloko usiku, m'mawa magwinya (mandasi a kuno) awiri. Patangotha miyezi itatu mimba inayamba kufufuma ngati ng'oma, kugeya kosalekeza, lamba ndikumachita kumasula ndili pageti.

Alamu anga ndiwo ananditengera kwa mayi ena a ku Mzimba amene ali ndi benchi pa Yeoville Market, mumsewu wa Rockey. Amagulitsa usipa, nyemba, ufa wa kondowole, ndipo jinja amamuunjika pakona. Nditatola wina wamakwinya anandilanda. "Ayi achimwene, ameneyo wafota, tengani uyu." Anathyola kachidutswa: mkati mwachikasu, monyowa, fungo lolasa m'mphuno. Mulu wa R20 umandikwanira sabata yathunthu, ndipo sanandisakanizirepo wowola pansi.

Ndimadula chidutswa chonga chala chachikulu, kupala khungu ndi supuni, kusinja, kuwiritsa mphindi 10, n'kuthira mu fulasiki ndi ndimu pang'ono. Ndimamwa ndikangotha kudya. Kuwawa kuja palilime kumachokera ku gingerol, mankhwala achilengedwe opezeka mu jinja, ndipo jinja amathandiza kuti chakudya chisakhalitse m'mimba, chitsike msanga kupita m'matumbo. Kwa ine sabata yachiwiri kufufuma kunali kutachepa. Kota sindinasiye, ndisaname, ndinangochepetsa.

Pa nseru ndiye ndamugomera. Mayi a kunyumba basi imawazunguza mutu. Mu Disembala, kuchoka pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, ankangotafuna tizidutswa, ndipo jumbo imene tinakonzera masanzi inafika ku Blantyre ili youma.

Koma ndinadzipweteka ndekha tsiku lina lozizira mu Julayi. Ndinamwa mafulasiki awiri osadya kanthu, chilungulira chinandigwira mpaka kucha, pakhosi ngati ndameza khala. Akuluakulu amalangizidwa kusapitirira magalamu 4 patsiku. Amene amamwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana ayambe afunsa adokotala, chimodzimodzi amayi oyembekezera.

Pamene sitigwirizana ndi mayi ogulitsa jinja aja ndi pa nkhani ya zilonda za m'mimba. Iwo amauza aliyense kuti jinja amapoletsa. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori kapena mapiritsi a ululu monga ibuprofen, ndipo kachilomboko kamafuna mankhwala a kuchipatala. Ndinawauza, anangoseka n'kundiwonjezera banyira.

Tengani ndalama zapamanja, makina a khadi alibe. Loweruka fikani isanakwane 10 koloko, chifukwa amayi a ku Congo ndi ku Nigeria amasesa wonenepa yense.