Anatichotsera giza yamagetsi n'kutiikira ya sola ku Mufakose, mu Harare

Ngati giza yanu yamagetsi yayamba kudontha m'siling'i, musathamangire kugula ina ya mtundu womwewo. Ife tinachotsa yathu chisanu chisanalowe n'kuikitsa ya sola ya malita 150. Zomwe zili m'mashopu m'tauni zimafanana kwambiri, choncho pano ndikamba za anthu amene anatiikira.

Yakaleyo inali itadyeka ndi dzimbiri, ndipo elementi yake ya 3 kW inkatimalizira mayunitsi a ZESA, kampani yamagetsi kuno ku Zimbabwe, mwezi usanathe. Komanso giza yamagetsi ili ndi phindu lanji magetsiwo kulibe? Tonse tikukumbukira 2019, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku. Chaka chomwecho boma linaika lamulo lokhudza giza za sola m'nyumba zatsopano. Kwathu kuno amene ankavutika kwambiri ndi mayi anga, omwe miyendo imawawawa kukazizira, ndipo ankadikira madzi a pamoto m'mawa uliwonse.

Pulambala amene anatiikira ndi bambo wa ku Mbare amene makolo ake anachokera ku Dedza. Atamva ndikulankhula ndi mayi, anasiya Chishona n'kuwapatsa moni m'Chichewa. Koma chimene chinandigwira mtima n'choti anakana kutchula mtengo asanakwere padenga. Atatsika ananena mosabisa kuti denga lathu ndi la asibesitosi wakale, mapulanga ake ndi ofooka, ndipo madzi okhawo ndi makilogalamu 150, osawerengera thanki ndi zitsulo. M'malo moti atisenzetse padengapo, anawotcherera nsanja yachitsulo pambali pa bafa, n'kuilozetsa kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mtengo wathu wa mapeyala. Ndalama zinakwera, koma sindidandaula nazo.

Machubu agalasi a gizayo, omwe amatenthetsa madzi ndi dzuwa, 15 onse, anawasiya m'katoni mpaka dzuwa litapendeka. Kenako mnyamata wake ankanyowetsa kukamwa kwa chubu chilichonse ndi madzi a sopo, n'kuchilowetsa m'labala mochipotokola pang'onopang'ono, bamboyo atagwirira kumunsi. Palibe chomwe chinasweka. Chifukwa chodikira madzulo anandifotokozera kawiri kuti ndimvetse: chubu chopanda madzi chikakhala padzuwa chimatentha koopsa, ndipo madzi ozizira akalowamo mwadzidzidzi chimaphulika. Mu Harare muno, momwe madzi a khonsolo amatha masiku angapo n'kubwera masana osayembekezereka, imeneyi si nkhani yaing'ono. N'chifukwa chake analumikiza gizayo ku thanki lathu losungira madzi, n'kuika valavu poti ndingafikire, ndi langizo loti ikauma ndizidzaza m'mamawa kapena usiku. Amene akukuikirani akapanda kutchula zimenezi, mufunseni.

Sikuti zonse anakonza bwino ayi. Paipi yochoka kugiza kupita kubafa anaisiya yosakutira, moti mu Juni madzi ankayamba kutuluka ozizira kwa kanthawi, ndipo madzi ovuta chonchi kuwataya kumawawa. Ndinaimba foni mobwerezabwereza asanabwere kudzakutira. Anabwera ndithu ndipo sanalipiritse, koma ntchito imeneyi inayenera kutha tsiku loyamba. Giza yakale anangoitsitsa n'kuisiya kuseri kwa nyumba, tinachita kufunafuna ogula zitsulo tokha.

Za gizayo payokha, dziwani kuti madzi amangotsika okha kuchokera pamwamba, ndiye shawa ilibe mphamvu ngati kale. M'nyengo yachisanu dzuwa la kuno limawala bwino, moti madzi amakhala otentha madzulo ndipo m'mawa amakwanira kuti mayi asambe. Masiku ovuta ndi a mitambo mu Januwale ndi Febuluwale, pamene madzi amangokhala ofunda. Mu Okutobala ndiye amatentha moti angathe kuwotcha mwana, choncho adzukulu ndinawaletsa kutsegula okha mpopi wotentha.

Ndingawaitanenso anthuwa, ndipo mchemwali wanga wa ku Dzivarasekwa ndamuuza kale za iwo. Pogwirizana mtengo, nenani kuti kukutira mapaipi ndi kuchotsa giza yakale zikhale momwemo, zilembedwe papepala pamodzi ndi galanti, ndipo mugulirenso machubu awiri apadera oti musunge.