Zoseweretsa ana pa msika wa Ulongwe: n'zotchipadi kuposa ku Dedza?

Mwezi wa Meyi ukamatha, mabenchi ndi mabaraka a pa msika wa Ulongwe amadzaza ndi mipira, zidole, mfuti zamadzi ndi magalimoto a pulasitiki, chifukwa pa 1 Juni ndi tsiku la ana, ndipo kuno ku Mozambique makolo ndi masukulu salitenga mopepuka. Nyengo ina ndi ya Disembala. Kholo la ku Angónia kapena ku Tsangano lili ndi misika iwiri: kugula konkuno ndi metikali, kapena kudutsa pa Calómuè kupita ku Dedza, ena ku Lizulu, n'kukagula ndi kwacha ya Malawi. Ife tikuti pa mipira, zidole wamba ndi magalimoto okankha ndi manja, mabenchi a Ulongwe ndi odalirika ndipo mtengo wake susinthasintha ngati wa ku Dedza. Pa zoseweretsa za mabatire, misika yonse iwiri ili ndi vuto limodzi.

Katunduyu ndi yemweyo mbali zonse. Zambiri zimapangidwa ku China, makamaka m'mafakitale a ku Shantou, n'kupikulidwa m'misika ikuluikulu ngati wa Yiwu, ndipo wopikulayo amalipira ndi dola kapena yuan. Kusiyana kumayambira pa njira. Zobwera kuno nthawi zambiri zimatsikira pa doko la Beira, n'kuyenda pa thiraki pafupifupi makilomita 600 kudzera ku Changara mpaka mu mzinda wa Tete, kumene amalonda aang'ono amakaoda. Kuchoka pamenepo zimadutsa ku Moatize, n'kukhotera pa Mussacama kukwera ku Angónia, ulendo wina wopitirira makilomita 200. Za ku Malawi, dziko lopanda doko, zina zimadutsa m'chigawo chathu chomwechi kukalowa pa Zóbue ndi Mwanza kapena pa Dedza, zina zimachokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, zinanso ku Johannesburg. Chipata chilichonse chimene katoni yadutsa chimasiya kanthu pa mtengo.

Pali chinthu chimene ogula ambiri sachiganizira. Zoseweretsa n'zopepuka koma zimadya malo, ndipo onyamula katundu wa mtundu uwu amawerengera kukula kwa katoni kuposa kulemera kwake. Mipira imabwera yosapopa, yopsinjidwa, yambiri m'katoni imodzi, choncho ndalama ya mayendedwe pa mpira umodzi ndi yochepa ndipo mtengo wake susiyana kwambiri pakati pa Tete ndi Ulongwe. Thiraki yaikulu ya pulasitiki, ija mwana amakoka ndi chingwe, m'kati mwake muli mpweya wokha, koma imalipiridwa malo onsewo. N'chifukwa chake zoseweretsa zikuluzikulu zimadula msanga mukamatalikira kumene zinaodedwa, ngakhale pulasitiki yake ili yopyapyala.

Misonkho siisiyanitsa mitengo kwambiri monga anthu amaganizira. IVA ya kuno, msonkho wa pa zogula umene ku Malawi amautcha VAT, inatsika kuchoka pa 17% kufika pa 16% mu 2023, pamene VAT ya ku Malawi inakhala zaka zambiri pa 16.5% isanakwezedwe pang'ono. Mayiko onse awiri amadulanso msonkho wa pa chipata pa katundu wopangidwa kale wochokera kunja. Chimene chimagwedeza mitengo kwenikweni ndi ndalama zenizenizo.

Kuyambira mu 2021 metikali yakhala pafupifupi 63 kapena 64 pa dola imodzi pa mtengo wa kubanki. Kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022, kenako ndi 44% mu Novembala 2023, kufika cha m'ma K1,700 pa dola. Komanso mabanki a ku Malawi akhala akusowa ndalama zakunja, moti wamalonda wamng'ono wofuna kukaoda amagula dola kwa anthu apadera pa mtengo wokwera kwambiri kuposa wa boma. Iyeyo saika mtengo potengera zimene analipira chaka chatha. Amauika potengera zimene adzalipire pokaodanso, apo ayi mpamba wake utha. Ndiye mtengo wa chidole ku Dedza ukhoza kukwera katunduyo ali pa shelefu pomwepo, pamene mnzake wa ku Ulongwe sanasinthe kalikonse.

Apa ndi pamene makolo amalakwitsa masamu. Tiyerekeze kuti mpira ukugulitsidwa mametikali 250 (250 MT) ku Ulongwe ndipo womwewo ndi K10,000 ku Dedza. Pa mtengo wa kubanki metikali imodzi ndi pafupifupi K27, choncho K10,000 ndi 370 MT, ndipo Dedza ikuoneka yodula kwambiri. Koma ngati posintha mwapatsidwa, mwachitsanzo, K50 pa metikali, mpira wa ku Dedza wakudyerani 200 MT yokha. Mpira umodzi, mayankho awiri. Werengerani ndi mtengo umene mungasinthire inuyo tsiku limenelo, osati umene waonekera pa foni. Mukatero onjezani ndalama ya chapa (minibasi) kapena njinga yamoto, kupita ndi kubwera. Pa chitsanzo chathuchi mwapulumutsa 50 MT, imene mayendedwe okha akhoza kuimeza. Kupita ku Dedza chifukwa cha mpira umodzi sikupindulitsa. Kumathandiza ngati mukupita kale kukagulitsa mbatata kapena kukaona abale, makamaka ngati mwalipidwa kale m'makwacha ndipo simufunikanso kusintha.

Za osintha ndalama a m'mbali mwa msewu tinene mosabisa. Malamulo a mayiko onse awiri amafuna kuti ndalama zisinthidwe kubanki kapena m'nyumba zovomerezeka, ndipo amene waberedwa pamsewu alibe kokadandaula. Zachinyengo zake n'zodziwika: ndalama yopindidwa pakati kuti iwerengedwe kawiri, yabodza yobisidwa pakati pa zenizeni, kapena kutenganso mpukutuwo "kuti awerengenso" mutauwerenga kale. Amasiyanitsanso mtengo wogulira ndi wogulitsira, choncho makwacha otsala mukawabweza ku metikali mumatayapo kachiwiri. Ngati mwanyamula katoni yathunthu, a alfândega, otolera msonkho pa chipata, adzaiona ngati ya malonda ndipo iyenera kulipiridwa msonkho.

Tibwerere pa benchi. Chimene timakonda ku Ulongwe n'chakuti katundu ali poyera, mukhoza kumugwira, ndipo kunenerera kumaloledwa, makamaka mukatenga zinthu ziwiri kapena zitatu. Ambiri amalandira ndalama za pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, zimene zimathetsa mkangano wa chenji. Choipa n'chakuti mitengo siilembedwa, ndipo sabata yomaliza ya Meyi imakwera. Gulani kumayambiriro kwa mwezi. Chinanso ndi dzuwa: zoseweretsa zimene zakhala panja miyezi yambiri zimasuluka mtundu, pulasitiki yake imauma n'kumathetheka ikangogwa. Ngati mbali imodzi ya galimoto yatuwa kuposa inzake, pemphani ina ya m'katoni.

Pa mpira, funsani saizi. Nambala 3 ndi ya ana aang'ono, 4 ya apakati, 5 ya achinyamata ndi akuluakulu, ndipo mpira weniweni wa nambala 5 umalemera magalamu 410 mpaka 450. Wopepuka kwambiri ndi wa pulasitiki yopyapyala imene minga imaiboola tsiku loyamba. Pa mabwalo athu a dothi ndi timiyala, wosokedwa ndi ulusi umakhalitsa kuposa womatidwa ndi guluu. Wogulitsa aupope inu mukuona, kenako pakani malovu kapena madzi pa valavu. Tithovu tikatuluka, mpirawo udzakhala utaphwa mawa lake. Pa magalimoto, tembenuzani muone chogwira mateyala. Chikakhala kachitsulo kodutsa mbali zonse, galimotoyo ikhalitsa, koma timano ta pulasiti timathyoka mwana akangotsamirapo. Pa zidole, kokani pang'ono maso, mabatani ndi tsitsi. Chimene chasukusa m'manja mwanu chidzathera m'kamwa mwa mwana.

Zoseweretsa za mabatire ndizo sitikuzilimbikitsa, kaya kuno kaya ku Dedza, pokhapokha wogulitsa atavomera kuziyesa. Nyamulani mabatire anu a AA atsopano. Tsegulani malo a mabatire muone tizitsulo ta m'kati. Tikakhala ndi dzimbiri kapena ufa woyera, batire lakale linatayikiramo ndipo moto sudutsa bwino. Yendetsani galimoto ya rimoti kutsogolo, kumbuyo ndi mbali zonse, chifukwa timagiya take n'ta pulasitiki ndipo kawirikawiri mbali imodzi imayamba kufa. Werengeraninso mabatire a miyezi ikubwerayi, poti galimoto yodya anayi ndi rimoti yodya awiri imatha kuwononga ndalama yoposa mtengo wake. Chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi timabatire tozungulira ngati batani, ta LR44 ndi tinzake, topezeka m'timafoni ta ana ndi zidole zoimba. Mwana akameza kabatire kamodzi kotere kamatha kuwotcha kummero m'maola ochepa, ndipo ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati chitseko cha mabatire chilibe sikuluwu, musagule. Chizindikiro cha nkhope ya mwana cholembedwa 0-3 chodulidwa ndi mzere chikutanthauza kuti chinthucho si cha mwana wosakwana zaka zitatu, ngakhale wogulitsa anene kuti palibe vuto.

Pa mabenchi awa palibe lisiti kapena chitsimikizo cholembedwa, komabe kugula pafupi kuli ndi ubwino wake. Rimoti ikakana mutafika kunyumba, wogulitsa wa ku Ulongwe mudzamupeza pamalo pomwepo mawa, ndipo ngati munagwirizana musanalipire, ambiri amasintha. Nenani mawuwo momveka: "Bambo, chikakana kunyumba ndibwera nacho mawa." Chogulidwa ku Dedza kapena ku Lizulu, kuchibweza kumafuna ulendo wina wodutsa malire, ndipo ndalama yake nthawi zambiri imaposa mtengo wa choseweretsacho.