Hiace yopepeluka pa liwiro: zomwe zapirira ndi zomwe zabwereranso dzinja litatha

Minibasi iyi ndi Toyota Hiace ya mtundu wa H200, yoyenda pakati pa Mzuzu ndi Jenda. Dandaulo lake linali lomwe madalaivala ambiri amabwera nalo: m'tauni muno imayenda bwinobwino, koma ikangopitirira makilomita 80 pa ola imayamba kupepeluka. Dalaivala amangokhalira kubweza chiwongolero, uku pang'ono, uku pang'ono, ndipo ikadutsana ndi thiraki ku Chikangawa imachita ngati bwato lomwe lakumana ndi mwera. Inakonzedwa mvula isanayambe, yagwira ntchito dzinja lonse ndi katundu wake wa masiku onse, ndipo tsopano yalowanso pa piti, dzenje la m'galaja loonerapo pansi pa galimoto. Zina zapirira, zina zayambiranso kugwedera.

Tiyambe tasiyanitsa matenda, chifukwa eni galimoto ambiri amataya ndalama pomwepa. Chiwongolero chikamanjenjemera m'manja pa liwiro linalake, kawirikawiri ndi matayala osabalansa kapena rimu yopindika. Galimoto ikamakokera mbali imodzi nthawi zonse, onani mpweya, buleki yogwira kapena alayimenti. Kupepeluka ndi kwina: galimoto ilibe mbali yomwe ikukonda, ingokana kuyenda mowongoka. Vuto limeneli nthawi zambiri silichokera pa chitsulo chimodzi. Ndi pulei yaing'onoing'ono, kutanthauza kugwedera kwa zitsulo zomwe zadyeka, ya malo anayi kapena asanu yomwe ikaphatikizana imakula, ndipo liwiro ndi lomwe limaiulula.

Muyeso woyamba sufuna jeke. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala aloze kutsogolo, injini ikulira. Matani kathepi pamkombero wa chiwongolero, gwirani rula pambali pake, ndiye mukhotetse ndi zala ziwiri mpaka tayala litayamba kusuntha. Malire ake ali m'buku la Toyota la galimotoyi. Iyi inali itawapitirira.

Kenako pamafunika anthu awiri, ndipo apa ndi pomwe amakaniko ambiri amafulumira. Musainyamule galimoto. Matayala akakhala m'mwamba, majointi sapeza chowakaniza, ndiye pulei imabisala. Kokani handibuleki, tsekerani matayala akumbuyo, wina akhale pampando azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mofulumira koma mosapita patali, winayo alowe pansi ndi tochi. Maso okha sakwana, ikani dzanja pa jointi iliyonse. Yabwino imayenda pamodzi ndi chitsulo chinzake. Yakutha mumaimva m'chikhato ikuti gubu gubu, mbali imodzi kuyamba kuyenda inzake isanatsatire.

Tsatani njira yomwe mphamvu ya dalaivala imadutsa. Pa Hiace dalaivala amakhala pamwamba pa matayala akutsogolo, choncho shafiti ya chiwongolero imatsikira kutsogolo, kulowa m'kabokosi ka magiya kotchedwa bevel gear, ndipo kuchokera apo shafiti ina imabwerera m'mbuyo kukafika pa rack, chitsulo chachitali cha mano chomwe chimakankha matayala uku ndi uku. Kabokosi aka ndi timajointi ta mashafitiwo anthu amaziiwala, chifukwa pa galimoto zing'onozing'ono kabokosika kulibe. Mukachoka apo onani mabushi omwe agwira rack yeniyeniyo. Ngati thupi lonse la rack likusuntha musanaone tayala likutembenuka, mabushiwo atha, makamaka pomwe mafuta a power steering akhala akudontherapo, poti mafuta amafewetsa labala. Ndiye mufike pa rack end, jointi ya kumapeto kwa rack, yomwe ili mkati mwa buti, chophimba chake cha labala. Finyani butiyo mpaka mugwire mutu wa jointi, mnzanuyo akugwedezabe. Pomaliza tie rod end, jointi yakunja yomwe ili pafupi ndi tayala.

Mukatha izi ndiye jeke, ndi masitandi, osati miyala kapena zigubu. Gwirani tayala kumanja ndi kumanzere, ligwedezeni: pulei ya apa ndi ya tie rod kapena rack end. Ligwireni pamwamba ndi pansi: apa ndi bering'i kapena ball joint, jointi yolumikiza habu ya tayala ku mkono womwe umaligwirizira. Kuti musiyanitse, wina aponde buleki. Pulei ikatha ndi bering'i, ikatsala ndi ball joint kapena mabushi a mkono.

Pa galimoto iyi tinasintha ma rack end onse awiri, tie rod end yakumanzere, mabuti a rack, mabushi a strut bar, mabushi a masipuling'i akumbuyo, ndi matayala awiri akutsogolo. Alayimenti inabwera pomalizira penipeni. Kuyamba ndi alayimenti majointi akugwedera ndi kutaya ndalama, chifukwa manambala omwe makina aonetsa amasintha galimoto ikangotsika pa rampu.

Tsopano zomwe miyezi yaonetsa.

Matayala ndi omwe abweza ndalama zake kuposa china chilichonse. Poyamba kutsogolo kunali matayala a kaunjika a mitundu iwiri, limodzi la galimoto yaing'ono. Hiace imafuna tayala la katundu, monga 195R15C la 8PR, lomwe m'mbali mwake ndi molimba ndipo limanyamula mpaka makilogalamu 950 pa mpweya wa 450 kPa, womwe ndi 65 psi. Tayala la saluni pansi pa minibasi yodzaza limapindikira m'mbali, ndiye dalaivala akakhotetsa, rimu imayamba kutembenuka labala n'kutsatira mochedwa. M'manja zimamveka chimodzimodzi ndi jointi yakutha. Mpweya nawo ndi nkhani: pa malo ambiri opopera, munthu akangoona tayala amaika 35 psi mwachizolowezi, pomwe minibasi yonyamula imafuna wochuluka kuposa apo. Muyeso weniweni uli pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko, ndipo wakutsogolo ndi wakumbuyo umasiyana. Yezani m'mawa tayala lisanatenthe. Matayala atsopanowo adya mofanana mpaka pano, kupatula lakumanzere lomwe layamba kuthwa m'mphepete mwa mkati. Mukayendetsa chikhato modutsa mizere yake, kupita kwina ndi kosalala, pobwerera kukukanda. Chimenechi chinatilozera komwe vuto labwererera.

Rack end yakumanzere yayambanso pulei. Chitsulocho sichinali choipa, yalakwa ndi buti. Kalampu ya mbali yaikulu inatayika, wina anamangapo waya, wayayo anadula labala, ndipo madzi a matope ofiira a ku Mchengautuwa ndi ku Chibavi analowa. Mkati tinapeza girizi wosanduka phala la mchenga. Jointi yopanda buti yabwino simaliza dzinja la Mzuzu, ndipo madziwo akafika pa rack amaichititsa dzimbiri, dzimbirilo n'kudya siilo, mafuta n'kuyamba kudontha. Buti ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi rack, koma ndi yomwe imasunga zonsezi. Dziwaninso kuti mbali yakumanzere imatha msanga nthawi zonse: ndi yomwe imaponda m'mphepete mokumbika mwa tala, ndipo ndi yomwe imatsika ndi kukwera pa siteji iliyonse.

Rack end ikagwedera, tayala limatsegukira kunja galimoto ikamathamanga, zomwe amati toe-out. Matayala akutsogolo amayenera kuyang'anizana mkati pang'ono chabe, mamilimita ochepa, kuti galimoto izidziwongola yokha. Akatsegukira kunja, lililonse limafuna njira yake, ndipo lomwe laponda bwino panthawiyo ndi lomwe limapambana. Kupepeluka kumachokera pamenepo.

Mabushi a strut bar apirira, ndipo tikufuna tinenepo motsindika. Strut bar ndi ndodo yomwe imaletsa mkono wapansi kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Mabushi ake akatha, tayala limasuntha mukaponda buleki, galimoto n'kukhotera komwe yafuna, zomwe ndi zoopsa potsika Chiweta kapena pa makona a msewu wa ku Nkhata Bay. Tinaika a labala enieni. Aja osema kuchokera ku matayala akale angakufikitseni kunyumba mukafera panjira, koma pa strut bar ayi: kukula kwake sikufanana, ndiye mbali ina imalimba, ina n'kufewa. China chomwe chawasunga ndi kamangidwe. Bushi ya mkono kapena ya sipuling'i imamangidwa komaliza galimoto itatsika, kulemera kuli pa matayala. Mukaimanga ili pa jeke, labala imakhala yopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo imang'ambika msanga.

Kumbuyo tapeza ma U-bolt, mabauti omangira sipuling'i ku ekiselo, atamasuka pang'ono, dzimbiri lofiira ngati ufa likutuluka pakati pa masamba a sipuling'i. Izi zimachitika masipuling'i akaphwasulidwa: masamba amakhazikika galimoto ikayamba kunyamula, ndiye manati amafuna kumangidwanso patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Ambiri sakhulupirira kuti kumbuyo kungasokoneze chiwongolero, koma ekiselo ikamasuntha pa masipuling'i imakhotetsa galimoto yokha, dalaivala n'kumabweza kutsogolo zomwe zayambira kumbuyo. Yezani ndi tepi mtunda wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Ukasiyana moonekeratu, kaoneni centre bolt, bauti ya pakati yogwira masamba a sipuling'i, mwina inathyoka. Ma shock akumbuyo akadali ouma, osadontha, ndipo tawasiya.

Pali zinthu ziwiri zomwe tinakana kuchita nthawi ijayi, ndipo miyeziyi yatigwirizana nazo. Choyamba ndi kumanga nati yosinthira ya rack kuti pulei ithe. Mano a rack amadyeka kwambiri pakati, pomwe galimoto imakhala ikamayenda mowongoka. Mukamanga kuti pakatipo palimbe, m'mbali mumathina, chiwongolero chimaleka kubwerera chokha mukatuluka pa kona, ndipo pa liwiro chimamatirira, moti dalaivala amabweza mopitiriza. Chachiwiri ndi kukweza ma torsion bar, ndodo zomwe zimagwira ntchito ya sipuling'i kutsogolo, kuti galimoto ioneke yaitali kutsogolo. Kutalika kukasintha, camber (kupendekeka kwa tayala) ndi toe (kuloza kwake mkati kapena kunja) zimasinthanso. Ngati mwakhudza ma torsion bar, mbali zonse zifanane ndipo alayimenti ichitikenso.

Chomwe galaja singakonze ndi kapakiridwe. Matumba a chimanga kapena mbatata akaunjikidwa kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, chitseko chitamangidwa ndi chingwe, kutsogolo kumapepuka ndipo matayala owongolera sagwira msewu mokwanira. Katundu wolemera azikhala pansi ndi pakati pa ma ekiselo. Dalaivala wa galimotoyi akuti kupepeluka pang'ono komwe kunatsala kumamveka masiku odzaza kumbuyo okha, ndipo zikugwirizana ndi zomwe taona pa piti.

Ulendo uno tasintha rack end yakumanzere ndi buti yake, ndi makalampu achitsulo mbali zonse. Tamanganso ma U-bolt, taonjezera mafuta a ATF mu power steering, tamanga manati a matayala pa 100 Nm, ndipo alayimenti yachitikanso. Poiyesa pa msewu wa ku Ekwendeni ikuyenda mowongoka ndipo chiwongolero chikubwerera chokha pa kona. Mabwana eni minibasi, uzani amakaniko anu kuti nthawi iliyonse yosintha oyilo azifinya mabuti a rack ndi a majointi onse, aziona ngati mapini otsekera manati a tie rod end ndi ball joint alipo, ndiponso aziyeza pulei ya chiwongolero ndi rula. Mukapeza jointi yomwe ikudumpha m'chikho chake, galimotoyo isanyamule anthu mpaka itasinthidwa.