Ndemanga: ulendo woona mbiri ya zisudzo ku Bristol Old Vic

Ndinagula matikiti awiri a ulendo woyendera nyumba ya zisudzo ya Bristol Old Vic, yomwe ili pa King Street mumzinda wa Bristol ku England. Ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, amene mtima wake wonse uli pa zisudzo. Ndalama zathu sizinapite pachabe, ndipo ngati mumakonda masewero, ndikukulimbikitsani kuti mukafike.

Mukangolowa, maso amayamba kugwera pa khoma lakale la njerwa, lokhala ndi zipsera za mazenera ndi makomo amene anatsekedwa kalekale. Khoma limeneli ndi la nyumba yoyambirira, ndipo linaonekera bwino pamene anamanganso polowera mu 2018. Mayi amene ankatitsogolera anatiimika pomwepo n'kufotokoza chifukwa chake nyumba yotchuka chonchi inamangidwa mobisika kuseri kwa nyumba zogona anthu. Pamene inkatsegulidwa pa 30 Meyi 1766, eni ake analibe chilolezo cha mfumu, pomwe lamulo la 1737 silinkalola kuonetsa masewero popanda chilolezocho. Choncho analengeza kuti kuli konsati ya nyimbo yokhala ndi zolankhula pang'ono, koma anthu atakhala pansi anaonera sewero lathunthu la Richard Steele, The Conscious Lovers. Chilolezo chinabwera mu 1778, ndipo m'pamene inayamba kutchedwa Theatre Royal. Mwana wanga anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Amayi, ndiye kuti anthuwa ankachita kuzemba kuti akaonere sewero?" Ndinamuyankha kuti inde, umo ndi mmene ankalifunira.

Nkhani ya matikiti a siliva inandigwira mtima kwambiri. Ndalama zomangira nyumbayi zinachokera kwa anthu 50 amene anasonkha mapaundi 50 aliyense, ndipo aliyense anapatsidwa kachitsulo ka siliva komulola kuonera sewero lililonse osalipira, mpaka kalekale. Papita zaka zoposa 250 koma lonjezolo silinafafanizidwe. Munthu atabwera nako kachitsulo kenikeniko, amalowa.

Koma chimene ndalembera ndemangayi ndi mabingu. Pamwamba pa denga la holo pali ngalande zazitali za matabwa, zopendekeka, zimene Azungu amazitcha thunder run. Kalelo sewero likafika poti kunja kukuchita chimphepo, munthu ankakwera m'mwambamo n'kumasula mipira yolemera kuti igubuduke m'ngalandezo. Phokoso lake silichokera kutsogolo ngati la sipika. Limayenda pamwamba pa mutu wako kuchokera mbali ina kupita ina, matabwa a nyumba yonse akunjenjemera nalo. Anazikonzanso ndi kuzigwiritsa ntchito mu 2016, pokondwerera zaka 250, m'sewero la King Lear limene Timothy West anasewera mfumu yokalambayo. Anationetsanso makina a mphepo: mgolo wa matabwa wokutidwa ndi chinsalu chokhuthala, wokhala ndi chogwirira. Mwana wanga anayamba kupukusa pang'onopang'ono, kunamveka kamphepo ka madzulo. Atafulumiza, chinsalu chinalira ngati namondwe, mpaka bambo wina wachikulire amene tinali naye m'gulumo anatseka maso n'kumangogwedeza mutu. Palibe magetsi, palibe kompyuta, thabwa ndi nsalu basi. Ine ndaonera masewero ambiri, koma ndinali ndisanaganizepo za munthu amene ankakhala yekha mumdima wa kudenga, khutu lili tcheru kudikira mawu amodzi a wosewera kuti amasule mpira pa nthawi yake.

Holo yeniyeniyo ndi yaing'ono kuposa mmene imaonekera pa zithunzi. Mipando inazungulira ngati chiboda cha hatchi, ndipo amene ali pa siteji sakhala patali ndi aliyense. Pamenepo panaimapo Sarah Siddons m'zaka za m'ma 1700, komanso Peter O'Toole, amene anagwira ntchito kumeneko kuyambira 1955 mpaka 1958 n'kusewera Hamlet asanatchuke pa kanema. Gulu la Bristol Old Vic lenilenilo linayamba mu 1946, nkhondo itangotha, ndipo chaka chomwecho kunatsegulidwa sukulu yake ya zisudzo imene inaphunzitsa Patrick Stewart, Jeremy Irons, Daniel Day-Lewis ndi Olivia Colman.

Pa masewero a nyimbo, otitsogolerawo anakhalitsa pa Salad Days, la Julian Slade ndi Dorothy Reynolds. Linayambira pa siteji yomweyi mu 1954 ngati lotsekera nyengo chabe, kenako linasamukira ku Vaudeville Theatre ku London komwe linaonetsedwa maulendo 2,283. Apa m'pamene ndinamvetsa ntchito ya nyumba za zisudzo za kunja kwa likulu. Ndi kumene zinthu zimayesedwa kaye, kumene wolemba wachinyamata amapatsidwa mpata, ndipo London imadzakolola pambuyo. Za posachedwa anatchula Jane Eyre ya mu 2014, imene inapitanso ku National Theatre, ndi The Grinning Man ya mu 2016.

Otitsogolerawo ankayankha funso lililonse modekha, ngakhale mafunso a mwana wanga amene sankatha. Langizo langa: gulirani matikiti pa intaneti nthawi ikadalipo, ndipo valani nsapato zafulati chifukwa nyumba zakale zimakhala ndi masitepe opapatiza. Ngati muli ndi agogo kapena wina wovutika kuyenda, funsani kaye za njira yake pogula tikiti.

Ife titamaliza ulendowo tinagulanso matikiti a sewero la madzulo omwewo, mipando ya m'mwamba. Magetsi akuzima, ndinaona mwana wanga sakuyang'ana ku siteji. Maso ake anali kudenga.