King Oliver wa 1923 kapena Hot Five ya Armstrong: muyambire pati?

Ambiri ofuna kuyamba kumvera jazz yakale amathamangira ku Original Dixieland Jass Band, poti ndiwo anatulutsa chimbale choyamba cha jazz, chojambulidwa ku New York mu Febuluwale 1917. Amvereni kamodzi kuti mungodziwa. Anali azungu asanu a ku New Orleans, ndipo mu Livery Stable Blues zida zawo zimalira ngati tambala, hatchi ndi ng'ombe. Zimasangalatsa ndithu, koma kujambula koyamba sikutanthauza kuti ndiwo anayambitsa. Jazz inakulira pakati pa anthu akuda a mu New Orleans, m'nyimbo za blues, ragtime ndi mabandi a malipenga operekeza maliro. Kusankha kwenikweni kuli pakati pa magulu awiri a ku Chicago.

Loyamba ndi Creole Jazz Band ya King Oliver, yomwe inkavinitsa anthu ku holo yovinira ya Lincoln Gardens. Mu 1922 Oliver anaitana wophunzira wake Louis Armstrong kuchoka ku New Orleans kuti adzakhale woyimba wachiwiri wa cornet, mtundu wa lipenga. Mu Epulo 1923 anakajambula ku kampani ya Gennett ku Richmond, Indiana, m'situdiyo yoyandikana ndi njanji, moti sitima ikamadutsa ntchito inkayamba yaima. Kunalibe maikolofoni. Ankayimbira pa chifanelo chachikulu, singano n'kumalemba mawuwo pa phula. Woyimba ng'oma Baby Dodds ankangogogoda kwambiri timatabwa, chifukwa ng'oma yaikulu inkalumphitsa singano. N'chifukwa chake zimbalezi zimamveka ngati zikuchokera kuseri kwa khoma, ndipo ena amazisiya pomwepo.

Musazisiye. Khutu likazolowera mumamva chimene chinali mtima wa New Orleans: onse akuyimba nthawi imodzi, aliyense njira yake, koma osapondana. Oliver atsogolera nyimbo, Armstrong amuyalira mawu achiwiri pansi pake, clarinet ya Johnny Dodds ithamanga pamwamba, trombone ya Honoré Dutrey itseka mipata m'munsi. Mwadzidzidzi bandi yonse iti zii, ma cornet awiri aja adumphire pampatapo limodzi ngati munthu mmodzi. Mu Dipper Mouth Blues Oliver amatsekatseka kukamwa kwa lipenga mpaka limalankhula ngati munthu wodandaula. Palibe wodzionetsa pamenepa, ndipo ine n'chimene chimandigwira mtima.

Gulu lachiwiri, Hot Five, linayamba kujambula ku kampani ya OKeh mu Novembala 1925. Linali lokumana m'situdiyo, osati lovinitsa anthu usiku uliwonse, ndipo poyamba linalibe ng'oma n'komwe: Armstrong, Johnny Dodds, Kid Ory pa trombone, Johnny St. Cyr pa banjo ndi Lil Hardin pa piyano, amene panthawiyi anali atakwatiwa ndi Armstrong. Zimbale zoyambirira zikufananabe ndi za Oliver, koma chaka ndi chaka kuyimbira limodzi kukuchepa, mmodzi akutsala patsogolo anzake akungomuperekeza. Mu 1926 Armstrong anatchukitsa scat, kuyimba ndi pakamwa mawu opanda tanthauzo ngati lipenga. Pofika Juni 1928, ali ndi anthu ena atsopano kuphatikizapo Earl Hines pa piyano, anajambula West End Blues, imene amaitsegula yekhayekha popanda chida china. Nyimboyo anapeka ndi Oliver yemweyo.

Pa kumveka bwino, Armstrong wapambana mosakayikitsa, makamaka zimbale za 1927 ndi 1928 zojambulidwa ndi maikolofoni. Pa luso la munthu mmodzi, ndi iyenso. Swing, kaja kochedwetsa mawu pang'ono kenaka n'kuwakankhira kutsogolo, mukamvetsa msanga kwa iye. Koma ngati funso lanu lili lakuti jazz inkamveka bwanji isanakhale ya akatswiri oyimba paokha, Hot Five sikuyankhani mokwanira. Yankho lili kwa Oliver.

Njira yabwino yomvera kusiyanaku ndi kutsatira Johnny Dodds, poti ali m'magulu onse awiri. Kwa Oliver clarinet yake sipuma, imalukana ndi malipenga kuyambira poyamba mpaka pothera. Ku Hot Five imakhala ndi nthawi yodikira, kenaka n'kupatsidwa bwalo lake.

Kwa amene khutu lake silinazolowere zimbale zakale, ndimati yambirani pa Armstrong wa 1927 ndi 1928, kenaka mubwerere m'mbuyo. Mukafika kwa Oliver, musamvere pa sipika ya foni, imameza trombone yonse. Valani mahedifoni, sankhani nyimbo imodzi, muimvere kanayi, ulendo uliwonse mukutsatira chida chimodzi. Nyimbozi n'za mphindi pafupifupi 3 basi. Ulendo womaliza funafunani cornet yachiwiri ija, yobisala pansi pa Oliver.